Kabawuti Nambala 47

Katoni inafika Lachitatu pa minibasi ya ku Lilongwe,
mlamu wanga wa ku Joni atalemba pamwamba pake:
“Iwe wokonza mawotchi, tione ngati iyi uithe.”
Nditamatula ndinapeza sitima ili zidutswazidutswa,
timapepala ta mkuwa topyapyala ngati khungu la anyezi,
mawilo asanu ndi limodzi m'kathumba kawokawo,
chumuni chosaposa chala changa cha mkombaphala,
ndi chipepala cha malangizo
chimene chinenero chake ndinachisiya, n'kumangotsata zithunzi.

Kashopu kanga kali kuseri kwa siteshoni ya Salima.
Mu Okutobala malata amalira okha ndi dzuwa,
thukuta limadontha pamkuwa n'kusiya banga.
Magetsi akathima, ndipo amathima,
ndimakaotcha chitsulo chowotcherera pambaula ya mayi ake Asiyatu,
pakati pa chimanga chawo,
n'kuthamanga nacho chisanazizire.
Mtovu ukasungunuka umayenda wokha mumng'alu
ngati ukudziwa kwawo.
Boyila ndinaipinda kawiri. Koyamba inapotoka.
Ndinatukwana, ndinakamwa tiyi, ndinabwerera ndi tupa.

Bambo anga a Zefaniya ankathira malasha m'sitima zenizeni.
Ankabwera ndi mwaye m'makutu,
mikono ili zipsera ngati mphika wakale,
akalavula, malovu akuda.
Sanandikwezepo ngakhale tsiku limodzi.
“Kumeneko n'kung'anjo, mwanawe. Iwe gwira sukulu.”
Sukulu sindinaigwire. Ndinagwira timano ta mawotchi.
Lero ndili ndi zaka zimene iwo sanazifike,
ndikumata kachitseko ka ng'anjo
kofanana ndi chikhadabo,
dzanja likunjenjemera.

Sabata yachisanu, madzulo,
kabawuti nambala 47 kanathawa pakamwa pa pulayala.
Ndinakamva kakuti *ti* penapake pasimenti.
Ndi kamene kamagwira mkono wa chitsulo kuwilo lapakati.
Popanda iko sitima ndi chidole cha pashelefu.

Asiyatu, wa Sitandade 4, maso ngati a kabawi,
anabwera ndi maginito a sipika yakufa.
Anakwawa shopu yonse.
Anatola singano ziwiri, pini, kamsomali ka nsapato,
ndi ndalama imene inasiya kugula kanthu kalekale.
Ndinachita manyazi kumuuza mochedwa
kuti mkuwa sumvera maginito.
Anandiyang'ana ngati ndamubera.

Usiku umenewo ndinatsegula kabati ya pansi.
Munali wotchi ya bambo, ya unyolo,
imene anaipukuta Lamulungu lililonse mpaka kufa,
imene inaima chaka chomwecho
ndipo ine, wokonza mawotchi a anthu onse,
sindinayerekeze kuitsegula msana.
Ndinaitsegula.
Munkanunkha mafuta akale ndi fodya.
Kabawuti kachitatu kamene ndinamasula
kanalowa muwilo ngati kanabadwira momwemo.

M'mawa ndinayala kanjanji pathebulo,
kopapatiza, nyerere ziwiri zikhoza kupatsana moni
ina ili uku ina uko.
Ndinakankha ndi chala.
Mikono ya chitsulo inakwera, inatsika, inakweranso,
monga ndinkaionera ndili kuseri kwa waya wa siteshoni,
kabudula wong'ambika, ndikudikira munthu wakuda bii
kuti andikwezere chipewa.

Panja sitima ya katundu ya dizilo inadutsa
osaima, mabogi akugogoda, fumbi likulowa pakhomo.
Kanga kanayenda zikhatho zitatu n'kufika pothera njanji.

Asiyatu anaika chibwano pathebulo,
diso limodzi atatsinzina,
n'kusuzumira m'kachipinda ka kumbuyo kwa boyila.
“Nanga munthu wake ali kuti?”
Ndinapendeketsa katoni. Munagwa timapepala tokha.
“Sanatumize,” ndinatero.
“Ndiye moto asonkha ndani?”

Ndinatenga wotchi ija, msana uli chitsegukire,
n'kuiika pambali pa njanji.
Kasitomala anagogoda pazenera
ndi foni yosweka galasi.