Chimene Sichigona M'galimoto ya Bambo

M'mawa uliwonse galimoto ya bambo imadzuka itafa.
Ndikapotoza kiyi imangoti khe, khe, kenako zii,
ngati munthu wofuna kulankhula kukhosi kutauma.
Kuno ku Punta Arenas mphepo siodira pakhomo,
imakankha zitseko, imaweramitsa mitengo mpaka kalekale,
ndiye poyamba ndinanamizira chisanu.
Ndinagula batire latsopano. Linakhala masiku anayi.

Ulises Barría, wokonza magetsi a maboti kudoko,
anabwera Loweruka, kamita kachikasu m'thumba la jekete.
"Ximena, batire silikudwala," anatero.
"Muli china m'katimu chimene sichigona."
Anamasula waya wakuda, nalowetsa mita pakati,
tinadikira kuti galimoto iwodzere.
Manambala anatsika, anatsika,
nakakamira pa mazana atatu.
"Yogona bwino sipitirira makumi asanu.
Zula mafyuzi, imodziimodzi."

Ndinagwada pasimenti, tochi kukamwa.
Ya nyali: ayi. Ya hutala: ayi.
Ya zopukutira galasi, ayinso.
Wakubayo sanadzere pakhomo la mafyuzi,
anaboola mpanda, nayamwa pa waya wofiira mwachindunji.

Tinasenda dashibodi ngati chinangwa.
Kuseri kwake, chisa cha mawaya
omangidwa ndi tepi yosungunuka, yomata zala.
Choyamba kutuluka chinali alamu,
imene rimoti yake inagwera m'nyanja ndili kusekondale.
Zaka zonsezi yakhala ikulondera,
kudikira mbala imene sinabwere.
Pansi pa mpando, kabokosi kosintha zimbale,
zisanu zikadali m'mimba mwake.
M'buti, chokuzira mawu cha mlongo wanga Fabián,
anachimanga asanapite kumigodi ya kumpoto,
masipika anagulitsa, icho anachiiwala chikudya.

Chilichonse tikachotsa, manambala amatsikako.
Dzanja langa linazolowera, linayamba dyera.
Nditagwira kabokosi kotuwa ka mawaya achikasu
Ulises anandigwira pamkono.
"Ako ayi. Ako kadzakupulumutsa tsiku la ngozi.
Chachete si chakufa.
Londola waya mpaka kumene anabadwira, kenako udule."
Safunsa anadya phula; ndinabweza pulayazi.

Dzuwa linapendeka. Panatsala zana limodzi ndi makumi awiri.
Ulises anapita kukasuta, ine ndinapisa mkono
kuseri kwa kabati ya mapepala, mpaka m'phewa,
ndipo zala zanga zinakhudza chinthu chofunda.
Chofunda ngati dzira longoikiridwa kumene,
m'galimoto yozizira ngati mwala.

Wailesi ya takisi.
Ndinkayesa anaibweza atapuma ntchito.
Kampaniyo inatsekedwa kale,
mayi woitana madalaivala anasamukira kwa ana ake,
bambo tinawaika m'manda chisanu chapitacho,
koma iyo, yokankhidwira mumdima, yopanda cholankhulira,
inali chitcherere khutu usiku ndi usana
kuti wina anene: makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, muli kuti?
Pambali pake kapepala ka dzanja lawo:
Aurelio, osazimitsa.
Amadziuza okha, kapena amauza ife, sindidziwa.

Ndinapotoza kabatani. Inangoti fwaaa,
mphepo ina, ya m'kati.
Ndinamvetsera nthawi yaitali kuposa yoyenera.
Ulises anaima pakhomo la galaja, osatsokomola n'komwe.

Sindinadule. Ndinamasula bwinobwino,
ndinakulunga nsonga za mawaya, uyu payekha, uyu payekha,
kuti asadzakhudzane mumdima.
"Makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu," anatero Ulises.
"Yagona."

Alamu ndi zinzake zili m'katoni, zikudikira wogula zakale.
Wailesi ili pawindo la kukhitchini,
inazizira ndisanamalize kusamba m'manja.
Lolemba galimoto inalira kamodzi n'kamodzi.
Ndinakhala momwemo, injini ikuguguma,
galasi likuyera pang'onopang'ono kuchokera pansi,
ndipo ndinachedwa kuntchito.