Kachipeŵa ka ŵ

Ku Bangula, madzi atabwerera m'Shire,
ndinalemba failo ya mayi Saŵasaŵa:
mbuzi zisanu zapita, khoma la kuchipinda lagwa.
Ndinaikweza pa seva usiku,
nthaŵi imene netiweki imakhala ndi chifundo.

M'maŵa foni ya ku likulu:
failo yanu sikutseguka.
Pamene panali ŵ pamera tizizindikiro
ngati mapazi a nkhuku pamatope.
Makina aŵiri, chilembo chimodzi,
koma aŵerenga mosiyana.

Akuti, vulani kachipeŵako, idutsa.
Ndinavula.
Kaŵiri konse.

Chimanga chinafika Lachinayi.
Mayi anadinda chala, nasenza thumba lawo,
osadandaula kanthu.
Ine ndiye ndinatsala ndikuyang'ana pepalalo,
dzina litaima pamzere
mutu uli pamtunda,
dzuŵa la kuchigwa kuno likuliwotcha paliwombo.