Kalasi ya Pageti

Sukulu yanga ilibe belu.
Imayamba lole yomaliza ikatuluka,
ndikakoka geti kuno ku Chinika, loko n'kuti khethe,
fumbi la simenti likadali m'mphuno.
Mpando ndi chigubu. Bolodi ndi foni yong'aluka pakona,
yotsamira nsapato yanga yakumanzere.

Khomo lake ndi mawu achinsinsi.
Anga ndi dzina la Tisauke, mwana wanga,
ndi chaka chimene anabadwa, chimene ndinasiya sukulu.
Chomwe chinanditulutsa m'kalasi
ndicho ndimalemba kuti ndilowenso.

Mayi Hamoonga amaphunzitsa ali ku Kabwe,
nkhope yawo ngati sitampa.
Nthawi zina amauma kukamwa kuli yasa,
mawu ali lende pakati pa ngongole ndi phindu,
kamkombero kakuzungulira, kakuzungulira,
ine n'kukwera pamulu wa njerwa, dzanja m'mwamba
ngati wodziwa yankho,
chikhalirecho ndikupempha netiweki.

Lachiwiri ndinaiwala kutseka maiki.
Galu wa pano anauwa mphaka,
ine n'kukuwa, "Iwe Sajeni, khala pansi!"
Anthu makumi atatu anafa nalo phwete,
Namakau ku Mongu, Chisanga ku Kasama,
wina sindikudziwa n'komwe kwawo.
Tsopano moni amayamba wa galu, wanga pambuyo.
Sitinagwiranepo chanza,
koma Namakau atadwala tinamusonkhera ya bandulo.

Magetsi akathima, batire ikafa, phunziro silifa.
Analijambula. Limandidikira.
Ndimalikopera pakati pa usiku, deta ikatsika mtengo,
ndipo mphunzitsi wa m'vidiyo satopa:
ndimawabweza kanayi pamalo amodzimodzi,
samatsonya,
sanena kuti mutu wako ndi mwala,
monga ankanenera wina kale.

Dzana ntchito inkatsekedwa khumi ndi ziwiri usiku.
Ndinalemba papepala la thumba la simenti,
ndinaijambula ndi tochi kukamwa,
ndinadina kutumiza.
Kamzere kanakwawa ngati basi ya pa Lumumba madzulo,
kanaima patatsala pang'ono.
Kunja kwa mpanda wina anakhosomola.
Chibonga kudzanja ili, foni kudzanja ilo,
sindinadziwe choyamba kulondera.
Wokhosomola anapita.
Kamzere kanafika. Yalandiridwa.

Kukacha bwana amatsitsa galasi la galimoto:
"Kunali bata, Zulani?"
"Bata, bwana."
Amandipatsa kaundula wa matumba kuti ndikaike muofesi,
monga achitira zaka zisanu ndi chimodzi,
osatseka n'komwe.

Lero ndayenda naye pang'onopang'ono.
Tsamba la Lachisanu silikugwirizana:
olowa ndi otuluka akusiyana ndi matumba khumi ndi anayi.
Ndawerenganso nditaima pakhonde.

Ndamuika patebulo.
Mayeso ndi mu Novembala.
Sajeni wagona kale pamthunzi wa lole,
ine ndikuyang'ana pobayira chaja.