Giya Yachisanu

Atate anga sanagule galimoto.
Anachita kuimanga okha
ndi mapaipi a mjigo wakufa wa pa Bembeke,
mipando iwiri ya basi,
injini kumbuyo ngati mwana wa kumbereko,
matayala otambalala oti akayandame pamchenga wa Nadzipulu.
Ilibe denga, ilibe chitseko.
Anyamata ogulitsa kachewere anaitcha Nthiti,
dzinalo n'kukanirira ngati chisoso pa sokosi.

Koma giyabokosi yake inali nkhalamba ya mano anayi.
Ikathamanga inkalira ngati chigayo chopera miyala,
ine ndi atate n'kumayankhulana ndi zala basi.

Yatsopano inabwera Lachiwiri pa lole ya kabichi,
yokulungidwa m'chiguduli,
yochotsedwa m'galimoto imene inagubuduka ku Linthipe
mwini wake n'kutulukamo wamoyo, nsapato imodzi kumanja.
Magiya asanu.
Atate anaisisita pamsana, nati,
Nyokase, tenga jeke.

Juni wa ku Dedza salemekeza mmisiri.
Sipanala imaluma zala,
nkhungu imalowa m'shedi osaodira.
Tinagona chagada pa makatoni
kukankha chitsulo ndi mawondo, ndi zifuwa.
Mabowo a mabawuti anakana kuonana:
awiri anapatsana moni,
anayi anayang'ana kumbali
ngati apongozi akumanizana pa mlatho.

Ndinawajambula pa katoni ya sopo
ndi pensulo ya mng'ono wanga.
A Dzoole anatidulira mbale yachitsulo yolumikizira,
pangongole.
Magetsi anathima masiku atatu.
Atayaka pakati pa usiku
ndinawotcherera ndili m'chijuzi cha atate,
mbaliwali zikundiboola chitenje.
Shafuti tinaifupikitsa ndi zala zitatu.

Loweruka tinaliza injini, anthu atadzaza pabwalo.
Atate anaponya wani, nasiya kilatchi mwaulemu.
Nthiti inabwerera m'mbuyo
n'kukagumula khola la nkhunda la a Nasimango.
Thu, m'mbuyo.
Fili, m'mbuyo, mwaliwiro.
Magiya asanu obwerera kumene tachokera,
imodzi yokha yopita kutsogolo.
Wina m'gulumo anakuwa,
Mwapanga galimoto kapena kwacha?

Atate anaseka mpaka kukhosomola.
Kenako anavula chipewa, nayang'ana m'kati mwake nthawi yaitali.
Bokosili linabadwira injini ya kutsogolo, anatero,
ife talitembenuza.
Ndinaiwala.
Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo.

Tinamasulanso zonse.
Tinang'amba mimba yake pa lona,
kuyala mano ndi mawashala m'mizere kuti asasokonekere,
kutembenuza giya yaikulu ya m'kati.
Milungu iwiri.
Nkhunda zitatu tinalipira,
ngakhale imodzi ndinaiona itabwerera.

Tsiku loyesa tinatsika Khwekhwelere pa thu,
mabuleki akununkha ngati nsanza yopserera,
mphepo ikufunda pa kona iliyonse.
Titapitirira Golomoti, pamene msewu umadziwongola,
atate anaima, natsika, nazungulira kutsogolo.
Khala uku, anatero.
Dzanja lawo lamanzere linayamba kunjenjemera chaka chatha.
Pakhomo sitinkaitchula nkhaniyo.

Wani. Thu.
Mbuzi inaganiza kawiri, n'kutisiyira njira.
Fili. Folo.
Injini inakweza mawu monga mwa chizolowezi,
mapewa anga n'kuyamba kudikira kulira kuja.
Ndinaponda kilatchi,
kukankhira ndodo kumbali, kenako kutsogolo,
kumalo kumene dzanja la m'banja mwathu linali lisanafikeko.

Phokoso linagwa pansi ngati mtolo wotula.

Ndinamva matayala akunong'ona pa phula.
Ndinamva belu la njinga kutali,
ndi kachitsulo kena kumbuyoku kakuti nge, nge, nge.
Atate anapendeketsa mutu, kumvetsera,
dzanja lija ataliika pansi pa ntchafu.
Ndipo kwa nthawi yoyamba m'galimoto imeneyi
anandiyankhula osakuwa, osaloza.

Bawuti yako ija, anatero,
sunaimange.