Masiku Atatu

Mlandu wa Lorna Haugstad wafika Lachiwiri
m'makatoni awiri, ngati katundu wa munthu wosamuka.
Ndawutula patebulo langa, nsanjika yachisanu ndi chitatu, muno mu Washington,
pomwe zenera limayang'anizana ndi khoma la ofesi ina ya boma
ndi nkhunda zosadziwa lamulo.

Ndine loya wa boma.
Dzina langa limakhala pansi, kumanja,
moyandikana ndi mawu akuti woyankha mlandu.
Sindinawasankhe mawuwo.
Ndinawapeza alipo, monga mpando uno wolira mwendo.

Lorna ankagawa makalata ku Duluth,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akuponda chipale,
agalu a m'misewu isanu ndi umodzi akumudziwa fungo.
Mu Okutobala anapinda mkono wa malaya kufamase,
anabayitsa katemera wa chimfine,
anagula mabatire ndi chingamu, n'kubwerera kuntchito.
Mu Disembala zala za kumapazi zinachita dzanzi.
Kenaka mawondo.
Kenaka masitepe anayi a pakhomo pake
anayamba kumuposa msinkhu.

Lamulo lili ndi ndandanda yake:
nthenda ikafika masiku makumi anayi ndi awiri asanathe
boma silichulutsa mafunso, limapepesa ndi ndalama.
Ndawerenga pakalendala ndi nsonga ya pensulo.
Ndawerenganso, mobwerera m'mbuyo.
Makumi anayi ndi asanu.

Masiku atatu.
Mkaka wa m'firiji susasa pa masiku atatu,
koma atatu amenewa ndi mpanda,
Lorna ali kunja kwake ndi njinga ya olumala
ndi ngongole ya kuchipatala yotalika kuposa msewu wake.
Dokotala wathu Szabo wati pafoni, akutafuna china chake,
mlanduwu ndi wosavuta, ukana basi.

Ndatsala ndekha usiku, makina okolopa akung'ung'uza m'khonde.
Masamba chikwi ndi mazana awiri,
zolemba za madokotala zonga popalasa nkhuku,
kuthamanga kwa magazi, kulemera, kuthamanga kwa magazi.
Khofi wazizira kawiri.
Patsamba 614, m'mphepete, namwino wina wa dzina losawerengeka
anasiya mzere umodzi wopendekeka:
"Mwamuna wake akuti silipasi inamuvuka osamva
pa phwando la Kuthokoza, atanyamula nkhukundembo."

Ndatenga pensulo.
Makumi atatu ndi asanu ndi atatu.

Loya wa Lorna sanawuone mzerewo.
Szabo sanawuone.
M'nyumba yonse ino tikuwudziwa ndife awiri,
ine ndi silipasi ija
yomwe inatsala pakati pa khitchini, yofunda, yopanda phazi.

Wina anganene kuti ndimalipidwa kuti ndisunge thumba.
Thumbalo ndi la masenti otoleredwa pa jakisoni aliyense,
anawasonkha mikono mamiliyoni yomwe inabayidwa n'kupita kwawo bwinobwino,
kusonkhera mkono umodzi womwe tsoka linaugwera.
Ndikusunga ndalama za ndani, ngati si za Lorna?

M'mawa ndalemba ndime ziwiri zokha
n'kuzipereka kwa bwana wanga Castellanos.
Wawerenga, wavula magalasi, wafunsa nambala ya tsamba.
Sanandiyamike. Wasayina.
Miyendo siyibwera ndi siginecha,
ndipo cheke chidzayenda miyezi,
m'chikwama cha wogawa makalata wina.

Lachisanu ndapita ndi Noemi wanga kukiliniki.
Zaka zinayi, jini lakutsogolo likugwedera isanakwane nthawi yake,
wandifunsa ngati zipweteke.
Ndati pang'ono.
Ndamugwira mkono ine mwini, ndi manja omwewa,
chifukwa ndawerenganso mafayilo ena,
a ana omwe chikuku chinawapeza asanabayidwe.
Walira, walandira sitika ya chule, waiwala.

Ine sindinaiwale.
Pobwerera m'sitima ya pansi pa nthaka wagona pachifuwa panga,
nsapato yake ikundimenya bondo sitima ikakhota,
ndipo ndayamba kale, milomo ili chitsekere:
limodzi.