Gaviota Sinatuluke Lachiwiri

Bambo anga ankati nyuzipepala ija inabadwa ndi ngongole.
Eleuterio Barraza, wogulitsa zingwe za zombo padoko la Valparaíso,
anagula makina osindikizira kwa Mjeremani wina wobwerera kwawo,
ndipo amuna khumi ndi anayi anawakankha tsiku lathunthu
kukwera nawo chitunda, akutukwana.
Anaitcha Gaviota, dzina la mbalame yolondola zombo.
Tsamba loyamba linali la zombo basi:
chafika chakuti, chanyamuka chakuti,
chakuti sichinamvekebe.
Akazi a amalinyero ankayambira mzere wachitatuwo.

Ine ndinalowa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
ntchito yanga kusaka zolakwa.
Anandipatsa pensulo yofiira ndi mpando wopendekeka
pafupi ndi mphika wa mtovu wosungunuka,
ndipo mpaka lero mphika ukapserera pamoto
ndimamva fungo la mawu akuwira.
Don Anselmo ankasanja zilembo chobwerera m'mbuyo,
nkhondo ndi maukwati, zonse chozondoka,
koma sanalakwitsepo dzina la munthu wakufa.
Amoyo, ankatero, abwera okha kudzadandaula.

Chaka cha chivomezi tinasindikiza tsamba limodzi,
pa mapepala okulungira buledi. Mayina okhaokha.
Mkulu wina anafika, fumbi m'tsitsi,
kudzatiuza kuti sanafe.
Tinamupatsa khofi,
mawa lake tinamuukitsa m'zilembo zing'onozing'ono.

Chaka cha asilikali
anatitumizira mnyamata wa yunifolomu, pensulo yake yakuda,
nakhala moyang'anana nane.
Ine ndinkachotsa zolakwa, iye ankachotsa zoona.
Chosongolera tinkabwerekana.
Pamene iye wadula tinkasiya poyera
mpaka analetsanso poyerapo,
ndiye tinkaikapo kaphikidwe ka msuzi wa nkhanu,
komwekomweko, sabata ndi sabata,
ndipo mzinda wonse unadziwa kuti msuzi ukatalika
ndiye kuti usiku atenga anthu ambiri.
Ulises Cárcamo anatuluka kukafunsa mtengo wa nsomba.
Jekete lake linakhala pamsomali zaka zinayi,
wosesa ankangolikuntha fumbi.

Zonsezo tinapulumuka.
Chinatimaliza ndi timalonda ta patsamba lomaliza:
wogulitsa njinga, wofuna wantchito, wa chipinda cha lendi,
mmodzimmodzi anasamukira m'mafoni osatsanzika.
Masamba makumi atatu anasanduka khumi ndi awiri,
kenako asanu ndi atatu, opyapyala ngati khungu la anyezi,
moti amayi a pamsika anayamba kudandaula
kuti nsomba ikuboola.
Mdzukulu wa Barraza, wokhala ku Santiago,
anatumiza kalata ya mizere isanu.
Munali zolakwa ziwiri.
Ndinazikonza ndisanawawerengere anzanga.

Lolemba tinatuluka monga mwa masiku onse:
mphepo ya kummwera, zigoli za mpira,
zombo zitatu, maliro asanu.
Lachiwiri Fresia wa pakona anatsegula kanyumba kake
nadikira galimoto yathu mpaka dzuwa pamutu.
Za imfa yathu palibe analemba.
Tsamba la maliro linali lathu lomwe.

Pano m'nyumbamo amaimikamo magalimoto, kulipira pa ola.
Ndinalowamo kamodzi.
Pansi pakadali mabowo anayi pamene panamangidwa makina,
mnyamata wolondera amathiramo zotsalira za ndudu.
Anandifunsa ngati ndasochera.

Mwezi watha mwana wanga akumatula kapeti wa kukhitchini
anapeza tsamba lachikasu, lophwanyika m'mbali,
la chaka chimene iye anabadwa.
Ndinavala magalasi, ndinayendetsa chala
monga ndinkachitira usiku uliwonse zaka makumi anayi ndi chimodzi.
Mzere wachisanu ndi chinayi, dzina la chombo cha ku Callao,
chilembo chimodzi chasowa.
Chinandidutsa ine, chinamudutsa Don Anselmo,
chinaudutsa mzinda wonse, chinakagona pansi pa mapazi athu.

Ndinafunsa ngati m'nyumba muno muli pensulo yofiira.
Mdzukulu wanga anafufuza m'chikwama chake cha kusukulu,
nandipatsa yobiriwira.