Chithaphwi cha Kumanzere

Okutobala, mvula sinagwe ndi dontho lomwe,
koma kapeti wa kumanzere wanyowa ngati dambo.

Ndinayamba ndi Pempho:
wataya Sobo m'galimoto iwe!
Mwana analira kuyambira ku Nsungwi
mpaka pageti la sukulu.

M'mawa mwake chithaphwi chabwerera.
Ndinaviika chala. Poterera.
Ndinanunkhiza: kafungo ka shuga wopserera.
Akanakhala mafuta a mabuleki
akanadonthera kumapazi kwanga.
Madzi a eyakoni alibe mtundu,
awa ngobiriwira ngati ndulu,
ndipo galasi lakutsogolo lachita nkhungu
dzuwa likuswa mtengo.

Ku Biwi, a Zalimba anagona chagada,
mutu pansi pa dashibodi, tochi kukamwa,
miyendo panja pafumbi.
Anatuluka akupukuta chigongono.
"Hita yabooka, bwana."

Hita? Mu Lilongwe muno?
Batani lake sindinalikhudzepo.

"Kwawo kwa galimotoyi kumazizira.
Yadzimbirira kusowa ntchito."
Anadula paipi, naikhotetsa,
naimanga ndi kalampu wakale.

Madzulo ndinagula Sobo wachinanazi,
ndinamusungunulira ndekha.
Pempho sanandiyang'ane.
Anamwa, nasiya theka patebulo.